WrestleMania XL: usiku wachiwiri ndiwo unakoma

WrestleMania XL, mpikisano waukulu wa masewera ogwetsana a WWE, inachitika pa 6 ndi 7 Epulo 2024 ku Lincoln Financial Field, Philadelphia. Usiku woyamba unali ndi chilema: Jey ndi Jimmy Uso anangosinthana ma superkick (mateche a kuchibwano) osatha, mpaka oonera, amene anali atazizidwa kale, anangoti zii. Anaupulumutsa ndi Sami Zayn polanda Gunther lamba wa ukatswiri wa Intercontinental amene Guntheryo anakhala naye masiku 666.

Mawa lake Cody Rhodes anagwetsa Roman Reigns n'kumulanda lamba wa ukatswiri amene Reigns anakhala naye masiku 1,316. Ena akuti olowerera anachuluka: Solo Sikoa, John Cena, The Rock, Undertaker. Ife sitikuvomereza, chifukwa nkhondoyo inali ya malamulo a Bloodline (gulu la Reigns), omwe ankalola zimenezo. Chomwe chinamupweteketsa Reigns n'chakuti anasiya Cody n'kumenya Seth Rollins ndi mpando, kubwezera chiwembu chimene Rollins anamuchitira mu 2014. Potembenuka anakumana ndi ma Cross Rhodes atatu, kagwetsedwe kamene Cody amamalizira nako adani ake.