Mlandu wa ana anga ku Texas ndi zimene loya sanandiuze za jury

Ndikulembera inu abale kumudziko amene mumaganiza kuti banja likasokonekera kuno ku America, khoti limangogamula mokomera mayi. Banja langa linathera ku Dallas, mzinda wa ku Texas, ndipo titakanika kugwirizana za ana athu awiri, loya wanga anandiuza kuti tipemphe jury, anthu wamba 12 omva mlandu, popeza malamulo a Texas amalola zimenezi ngakhale pa nkhani ya ana. Anandilonjeza kuti pakutha miyezi itatu zonse zidzakhala zitatha, ndipo ndinapereka madola 5,000 amene ndinawakhetsera thukuta m'mashifiti ausiku kunyumba yosamalirako okalamba.

Miyezi 7 inadutsa tsiku la mlandu lisanadziwike, koma ndalama ija inali itatha. Ankandilipiritsa madola 350 pa ola, ndipo foni ya mphindi ziwiri ankaiwerengera mphindi 6. Kenaka kunabwera kalata yofuna madola 15,000 ena kuti ayambe kukonzekera jury. Zinalembedwadi m'pangano lathu, pa tsamba lachinayi, limene mlembi wake analivundukula mwachangu pondilozera posayina.

Anandiuza zoona ndi loya wina wachizimayi amene sanandilipiritse kalikonse. Anatenga pepala n'kulemba mzere pakati. Mbali imodzi analemba zimene jury imagamula: kholo limene lidzasankhe kokhala ana, ndiponso ngati anawo ayenera kukhala m'dera linalake, malinga anthu 10 mwa 12 aja agwirizane. Mbali inayo analemba za woweruza yekha: masiku ochezera ana, kugawa katundu, ndi ndalama yosamalira ana, imene kwa ana awiri nthawi zambiri imakhala 25 peresenti ya malipiro msonkho utachotsedwa. Chimene chinkandisowetsa tulo ine, mapasipoti a ana ndi chilolezo chopita nawo ku Malawi kukaona agogo awo, chinali kumbali ya woweruza. Jury sikanachikhudza n'komwe.

Ine ndi amene ndinali naye pabanja uja tinapita kwa mkhalapakati, aliyense n'kulipira madola 600, ndipo tinamvana tsiku lomwelo.

Choncho lekani kutitumizira mauthenga akuti tilimbe mtima, tikaonane nawo kukhoti, pamene simudzatithandiza ngakhale dola imodzi. Kuno ankhoswe alibe mphamvu yogamula, ndipo loya amawerengera mphindi iliyonse. Mbale wanu akakuuzani kuti akupempha jury, mufunseni ngati wawerenga tsamba lililonse la panganolo, ndiponso ngati chimene akulimbiracho jury ili nacho mphamvu.