Nyumba yogona alendo ya ku Alto Maé imene inanditenga pa Junta

Basi imene ndinakwera mumzinda wa Tete m'bandakucha wa Lamulungu inafika pa Junta ku Maputo, pamene pamathera mabasi ochokera m'zigawo zina za dziko lino la Mozambique, Lolemba kunja kutada kale. Ndinali nditanyamuka ku Ulongué Loweruka kudzera pa Mussacama ndi ku Moatize, ndipo kuchokera ku Tete kukafika ku Maputo pali makilomita opitirira 1,500 a msewu wodutsa ku Changara, Chimoio, Inchope, Muxúnguè, pa mlatho wa Save, ku Maxixe ndi ku Xai-Xai. Munthu amene wakhala pampando masiku awiri amatsika miyendo itatupa, maganizo ali pa madzi osamba ndi pogona, ndipo m'kuona kwanga nthawi imeneyo ndi imene mlendo angaberedwe mosavuta kuposa nthawi ina iliyonse ya ulendo wake. Chimene ndikuyamikira koposa pa nyumba imene ndikufotokozayi n'chakuti eni ake amaidziwa nthawi imeneyi ndipo anaikonzekera.

Bungwe lathu la alimi a kachewere ndi nyemba ku Angónia linandituma, monga mlembi, ku msonkhano wa masiku atatu wa mabungwe a alimi umene unachitikira ku Centro Internacional de Conferências Joaquim Chissano, m'mphepete mwa nyanja pa Avenida da Marginal. Malowa ndi amene analandira msonkhano wa atsogoleri a mayiko a mu Africa mu 2003, pamene maboma analonjeza kuika gawo limodzi mwa magawo 10 a ndalama zawo ku ulimi, choncho kwa mlimi kulowa m'menemo si nkhani yaing'ono. Okonza msonkhano anatisiyira kuti aliyense adzipezere yekha pogona. Ine ku Maputo ndinali ndisanapondeko, Chichangana sindichimva, ndipo Chipwitikizi changa, ngakhale chimakwana kulembera malipoti a bungwe, chimaulula msanga kuti sindine wa kumeneko. Mphunzitsi wina wa ku Dómuè amene anagonapo pa nyumbayi ndiye anandipatsa nambala ya eni ake, mayi wachikulire wochokera mumzinda wa Tete amene amalankhula Chinyungwe ndipo Chichewa amachimva bwinobwino. Dzina la nyumbayo sindilitchula pano chifukwa ndinena ndi zofooka zake zomwe.

Tili pa Xai-Xai, amayiwo anandiimbira kufunsa pamene tafika, kenako ananditumizira uthenga wokhala ndi nambala ya galimoto, mtundu wake ndi dzina la dalaivala. Mawu amene anandiuza pa foni ndikuwakumbukirabe: "Amayi, mukatsika muime pafupi ndi basi yanu pamene pali kuwala, ndipo chikwama musapatse munthu aliyense, ngakhale akutchuleni dzina. Dalaivala wanga adzayamba kutchula dzina langa, osati lanu." Pa nthawiyo sindinamvetse chifukwa chake, koma ndinachiona ndi maso nditangoponda pansi. Pa thumba la kachewere limene ndinanyamula ngati mphatso ndinali nditalemba dzina langa ndi zilembo zazikulu, monga timachitira tonse kuti katundu asasokonekere m'basi, ndipo mnyamata wina analiwerenga, n'kundiitana nalo mokweza ngati wondidziwa, dzanja lake lili kale pa lamba wa chikwama changa, akunena kuti galimoto ili kuseri. Ndikanakhala kuti sindinachenjezedwe, ndikanamutsatira ndi mtima wonse, chifukwa munthu wotopa akamva dzina lake pakati pa chilankhulo chachilendo amaona ngati wafika. Ndinagwiritsitsa chikwama n'kukana. Patapita mphindi zochepa anafika bambo wina wa imvi, anatchula dzina la eni nyumba, anandionetsa uthenga womwewo pa foni yake, ndipo anandilola kuti ndiyambe ndawerenga nambala ya galimoto ndisanalowe. Ulendo umenewo ndinalipira mametikali 500, ndipo pa ndalama zonse zimene ndinawononga ku Maputo palibe zimene ndinazigwiritsa ntchito bwino kuposa zimenezi.

Nyumbayo ili ku Alto Maé, m'kamsewu ka pakati pa Avenida Eduardo Mondlane ndi Avenida 24 de Julho. Si yokongola. Ndi nyumba yakale ya zipinda zisanu ndi zitatu, utoto unayamba kusupuka, koma zofunda n'zochapa, neti yoteteza udzudzu ilipo, madzi a m'thanki sanathe masiku onse anayi, ndipo m'mawa amapereka tiyi, buledi ndi dzira. Chipinda ndinkalipira mametikali 2,000 pa usiku. Pa geti pamakhala mlonda usana ndi usiku, ndipo ali ndi buku limene amalembamo wotuluka, kumene akupita ndi nthawi imene akuyembekezeka kubwera. Alendo ena ankaona bukuli ngati chipsinjo, koma ine linandikhazika mtima pansi kudziwa kuti ndikachedwa pali munthu amene adzaona kuti mzere wanga sunatsekedwe.

M'mawa wa Lachiwiri, ndisananyamuke, amayiwo anakhala nane patebulo n'kundilangiza monga mmene mayi amalangizira mwana wopita kutali, ndipo malangizo amenewa ndikuwawerengera pa zimene nyumbayi imagulitsa, ngakhale salembedwa pa lisiti. Anafunsa ngati ndili ndi BI, chiphaso cha unzika, chifukwa apolisi amatha kuimitsa munthu mumsewu n'kufunsa chiphaso, ndipo anayamikira kuti ndinanyamulanso fotokope yake yodindidwa ku ofesi yotsimikizira mapepala ya notário, imene anati ndiziisunga padera kuti chikwama chikatayika ndisatsale wopanda umboni uliwonse. Anandiuza kuti ndalama zambiri ndiziike mu akaunti ya pafoni ya M-Pesa kapena e-Mola, m'manja muzitsala zongokwanira tsiku limenelo, ndiponso kuti foni ndisaitulutse pa zenera la shapa, minibasi ya kuno, kapena poima pa siteji. Anandiletsa kuyenda wapansi m'mphepete mwa nyanja dzuwa likalowa, ngakhale malowo aoneke okongola bwanji, komanso kudutsa m'tinjira ta m'zitsamba za pamtsetse wotsikira ku Baixa, kumunsi kwa mzinda kumene kuli masitolo ndi maofesi. Koma chimene sindikanachiganizira ndekha chinali cha kachikwangwani kolembedwa dzina kamene amativeka m'khosi pa msonkhano. Iwo anati ndikangotuluka pa geti la holo ndizikavula n'kukaika m'chikwama, ndipo chikwama cha msonkhano chokhala ndi zilembo ndizichitembenuza, pakuti zinthu ziwirizi zimauza wakuba aliyense kuti munthuyu ndi mlendo, kuti mwina walandira ndalama zogonera, ndiponso zimamupatsa dzina loti amuitanire. Tsiku limenelo ndinaona anzathu ambiri akuyenda mumsewu tizikwangwani tili lendelende pachifuwa, ndipo amene ndinawafikira ndinawauza.

Kufunika kwa malangizowa kunaoneka Lachitatu m'mawa. Bambo wina wa ku Macanga, amene anasankha kugona pamalo otsika mtengo ndi kumakwera shapa zopita ku Costa do Sol, anafika ku msonkhano masana nkhope itagwa. Anali atatulutsa foni pa siteji kuti ayankhe akunyumba, wina anaitsomphola n'kulowa m'chigulu cha anthu, ndipo theka la tsikulo linathera ku polisi ndi kotseketsa nambala. Ndalama zake zinapulumuka chifukwa zinali mu akaunti ya pafoni ndipo nambala yachinsinsi anaisunga pamtima, sanailembe pena paliponse, koma mpaka atapeza khadi lina ankadya ndi kukwera ndi zimene tinamusonkhera. Ife amene tinagona ku Alto Maé tinkapita ndi kubwera pa galimoto ya nyumbayo, anthu anayi, aliyense mametikali 150 pa ulendo, ndipo ngakhale mtengowu ndi woposa wa shapa kangapo, bungwe limene likutuma munthu liyenera kuuwerengera pokonza ndalama za ulendo.

Tsopano ndinene zimene sizinandisangalatse, ndipo choyamba n'chachikulu chifukwa chikukhudza chinthu chomwecho chimene ndayamikira. Lachitatu lomwelo madzulo zokambirana zinatha mochedwa, anzanga atatu anapita ndi abale awo okhala mumzindamo, ndipo ndinatsala ndekha pa geti kudikira bambo wa imvi uja. M'malo mwake inafika galimoto ina, ya mtundu wina, ndi mwamuna wachinyamata amene anatsitsa galasi n'kunena kuti watumidwa kudzanditenga. Dzina la eni nyumba analitchula, koma uthenga wondidziwitsa za kusinthaku sunabwere, ndipo nditaimbira amayiwo katatu foni sinayankhidwe. Ndinamuuza mwaulemu kuti, "Pepani achimwene, sindikwera mpaka ndimve mawu a amayi," ndipo ndinabwerera mkati mwa mpanda pafupi ndi alonda a pa holo. Ndinaima pamenepo mphindi zoposa 40, mdima ukukula, anthu akutha, mtima ukugunda. Kenako amayiwo anaimba, n'kufotokoza kuti dalaivala wawo anathamangira kuchipatala ndi mwana, kuti wabwerayo ndi mlamu wake, ndipo kuti iwo anasiya foni m'chipinda ali kukhitchini. Titafika anandilandira pa geti n'kunena kuti, "Amayi, wolakwa ndine, ndipo mwachita bwino kukana." Kupepesako ndinakulandira, ndipo mnyamatayo analibe mlandu, koma nyumba imene imaphunzitsa alendo ake kuti asakwere galimoto yosadziwika siyenera kuwatumizira galimoto yosadziwika popanda mawu. Mlendo wamanyazi, kapena woopa kutsala yekha mumdima, akanakwera, ndipo akakwera kamodzi zikamuyendera bwino, mawa adzakweranso ya munthu wina amene sanatumidwe ndi aliyense. Uthenga umodzi wokha ukanathetsa zonsezi.

Chachiwiri ndi zitseko. Chitseko cha chipinda changa chinali ndi loko wa kiyi yekha, chopanda mpiringidzo wotsekera mkati, ndipo popeza kiyi wina amakhala ndi ogwira ntchito, ndinkagona nditatsamiritsa mpando pa chigwiriro. Palibe amene anayesa kulowa, koma mayi amene ali yekha m'nyumba yachilendo ayenera kukhala ndi njira yodzitsekera imene wakunja sangaitsegule, ndipo kachitsulo kotero sikadula. Chinandidetsa nkhawa kwambiri ndi chitseko chakumbuyo. Mazenera onse ali ndi zitsulo, zimene n'zabwino poletsa akuba, koma chitseko chakumbuyo chimamangidwa ndi tcheni usiku ndipo kiyi wake amakhala m'thumba la mlonda kutsogolo. Moto utabuka kukhitchini, imene ili pafupi ndi khomo lalikulu ndipo amaphikira gasi, anthu a m'zipinda zakumapeto sangakhale ndi potulukira. Ndinawauza amayiwo nkhaniyi maso ndi maso, ndipo anavomera kuti kiyi ayenera kupachikidwa mkati pafupi ndi chitsekocho, koma pamene ndinkachoka anali asanachite.

Palinso nkhani ya kabati imene amasungiramo ndalama ndi mapepala a alendo. Amalandira popanda kulemba, pongodalira kukhulupirirana. Ine ndinali ndi ndalama za bungwe, osati zanga, choncho ndinapempha kuti tiwerengere limodzi, tilembe m'buku ndi kusayina tonse awiri. Sanakane, ndipo ndalamazo ndinazipeza zonse, koma zimenezi ziyenera kukhala lamulo la nyumba, osati pempho la mlendo.

Kodi ndingatumizeko mnzanga? Inde, makamaka mayi wochokera kwathu kuno ku Angónia, Tsangano kapena Macanga amene akupita ku Maputo koyamba ndipo alibe mbale womulandira. Amene akufuna chipinda chamakono ndi malo ocherezera alendo apite kumahotela a ku Polana ngati thumba likulola. Koma wopita ku Alto Maé agwirizane ndi eni nyumba tsiku loyamba lomwe kuti galimoto kapena dalaivala akasintha, uthenga uyambe wafika, apemphe nambala yachiwiri yoimbira ngati yoyamba sikuyankhidwa, ndipo asankhe chipinda chapafupi ndi khomo. Komiti yathu ndaiuza kale zimenezi, ndipo ndapempha kuti pa ulendo wotsatira tisadzatumenso munthu mmodzi yekha.

Pobwerera, basi inkanyamuka pa Junta Lachisanu kusanache, nthawi imene misewu imakhala zii ndipo munthu wonyamula zikwama amaonekera patali. Bambo wa imvi uja anagogoda pa geti nthawi ili 3:30, ananditengera katundu mpaka pa basi, anaonetsetsa kuti walowa m'munsi mwa basi ndipo ndapatsidwa kapepala kake, ndiyeno anaima panja pa zenera langa mpaka injini italira. Ndinamufunsa za mwana, ndipo anati akupezako bwino. Amayi eni nyumba ananditumizira uthenga tikuwoloka Save, wina tili pa Inchope, ndipo womaliza unandipeza Lamulungu pa Mussacama, shapa ya ku Ulongué itaima kuti ikweze anthu. Ndinawayankha kuti ndalowa m'dera lakwathu bwinobwino, n'kuwakumbutsanso za kiyi wa chitseko chakumbuyo.