Laimu, PVA kapena gilosi: tipake chiyani, ndipo wopenta timlipire bwanji?

Mvula ikatha, anthu ambiri amayamba kuganiza zopenta nyumba, ndipo funso loyamba limakhala la mtengo wa chigubu. Koma funso lofunika kuyamba nalo ndi lakuti khomalo lili pati. Khoma la kuchipinda chogona, la kukhitchini ndi la panja loyang'ana kumene mvula imawombera safuna penti mmodzi.

Laimu ndiye wotchipa pa onse, ndipo si wonyozeka ngati mmene ena amamuonera. Khoma lopakidwa laimu limapuma, chinyontho chimatuluka osatsekeredwa mkati, komanso chuku sichimera msanga. Pa nyumba ya zidina, pa mpanda, pa khola kapena pa chimbudzi cha panja, ine sindiona chifukwa chowonongera ndalama pa penti wa m'sitolo. Vuto lake aliyense amalidziwa: mukatsamira khoma mutavala jekete lakuda, mumachokapo msana uli mbuu. Salola kutsukidwa, ndipo panja amafuna kubwereza pafupifupi chaka chilichonse. Koma msampha weniweni uli kutsogolo. Anthu ambiri amapaka laimu nyumba yatsopano ya simenti n'kumati tidzapenta bwino tikadzapeza ndalama. Tsikulo likafika, penti sagwira pamwamba pa laimu, amafufuma n'kumasupuka ngati khungu la njoka. Pamafunika kupala khoma lonse ndi bulashi ya waya, ndipo ntchito yopalayo mmisiri amaiwerengera payokha. Ngati mukudziwa kuti mudzapenta, ndi bwino khomalo lingokhala la pulasitala mpaka ndalama zitapezeka.

Penti wa madzi, amene m'masitolo timangomutcha PVA, ndiye woyenera zipinda zogona, pabalaza ndi siling'i. Sanunkha kwambiri, amauma m'maola ochepa moti tsiku lomwelo mukhoza kupakanso kachiwiri, ndipo bulashi ndi rola mumangotsuka ndi madzi. Koma PVA ali m'magulu. Makampani monga Rainbow, Plascon ndi Dulux amakhala ndi wotsika mtengo komanso wokwera mtengo wolola kupukutidwa. Wotsikayo pa siling'i alibe vuto, poti palibe amene amagwirako. M'chipinda cha ana kapena m'kanjira kopita kuzipinda, kumene timanja ta mafuta a mandasi timayenda pakhoma, mudzapukuta ndi nsanza yonyowa n'kupeza penti watsalira pa nsanzapo. Panja pokhapo gulani wolembedwa kuti ndi wa panja, makamaka ku Thyolo, ku Mulanje kapena ku Nkhata Bay kumene mvula ndi yambiri.

Gilosi, penti wa mafuta uja, ndi wolimba ndipo amatsukika ndi sopo. Malo ake ndi pa mafelemu a zitseko ndi mawindo, zitsulo zotchingira akuba, mageti, ndi chakumunsi kwa khoma kumene kumathimbirira ndi matope. Amachedwa kuuma, pakati pa kupaka koyamba ndi kwachiwiri pamafunika kugona usiku, ndipo fungo lake limakhala masiku. Pakhoma lonyowa ndiye woipa kuposa onse, chifukwa amatsekera madzi mkati mpaka atatupa matuza. Palinso nkhani ya mtovu. Kafukufuku amene bungwe la LEEP, lolimbana ndi poizoni wa mtovu, linachita ku Malawi kuno anapeza mtovu wochuluka mu penti wina wa mafuta wogulitsidwa m'masitolo, ndipo mtovu umawononga ubongo wa ana aang'ono. Muyezo umene mayiko ambiri akutsatira ndi wosapitirira 90 ppm, kutanthauza magawo 90 a mtovu pa magawo miliyoni imodzi a penti. Choncho yang'anani pachitini ngati palembedwa kuti mulibe mtovu komanso pali chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, ndipo pokwecha gilosi wakale ndi sandipepa, ana asakhale pafupi.

Zitseko za matabwa zili ndi mkangano wake. Chitseko cha paini wa ku Chikangawa chipakeni penti, palibe chokongola chimene mukubisa. Koma kupaka gilosi wabulauni pa chitseko cha mlombwa kapena mbawa, abale, n'kulakwira mtengo. Pamenepo musankhe pakati pa vanishi ndi stain yolowa m'thabwa. Vanishi amanyezimira ndipo mkati mwa nyumba amakhala zaka, koma pa dzuwa la Okutobala amang'aluka, ndiye pokonza muyenera kukwecha yense. Stain sinyezimira chotero, imangofwifwa pang'onopang'ono, ndipo pokonza mumangopukuta fumbi n'kupakanso. Chitseko cha kukhonde chowombedwa ndi dzuwa ine ndimachipatsa stain.

Tsopano za mmisiri, chifukwa penti wabwino m'manja mwa munthu wothamanga amatha msanga kuposa penti wamba wopakidwa mofatsa. Pali njira ziwiri zolipirira. Wa pa tsiku safulumira, amamata ming'alu bwinobwino, koma ngati simukhalapo, ntchito ya sabata imodzi imatha kutenga awiri. Wogwirizana naye mtengo wa ntchito yonse amathamanga, ndipo chimene amadumpha ndi chomwe simungachione tsiku lolandira nyumba: kukwecha, kutsuka fumbi, kumata, ndi kupaka penti woyamba wogwiritsa pulasitala. Ena amathira madzi ambiri mu PVA kuti rola iziyenda mopepuka, ena amasungunula gilosi ndi parafini m'malo mwa thinner, mankhwala ake osungunulira penti wa mafuta, ndiye penti amakhala womata masiku angapo.

Ine ndimakonda mtengo wa ntchito yonse, koma wolipidwa m'magawo: gawo loyamba akamaliza kukonza makoma inu mwaona ndi maso, lachiwiri akapaka koyamba, lotsiriza akamaliza ndi kuchotsa madontho pa magalasi ndi pansi. Ndipo penti mukagule nokha. Mawu akuti "bwana, ingondipatsani ndalama, ndikudziwa kotchipa" amathera pa chigubu chotsegula kale chimene simudziwa kuti muli chiyani. Kuwerengera kwake si kovuta. Chipinda cha mamita 4 mbali zonse, chotalika mamita 3 kupita m'mwamba, chili ndi makoma a masikweya mita 48, ndipo mukachotsa chitseko ndi windo amatsala pafupifupi 44. Lita imodzi ya PVA imakwana masikweya mita 8 mpaka 10, ndiye kupaka kawiri kumadya malita pafupifupi 10. Chigubu cha malita 20 chiyenera kumaliza zipinda ziwiri zotere. Pulasitala watsopano amamwa kwambiri, koma wina akakuuzani kuti chipinda chimodzi chadya chigubu chonse, funsani bwino.

Satifiketi ya TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndi chizindikiro chabwino, ngakhale amisiri ambiri aluso anaphunzira pogwirira bulashi anzawo. Chimene chimanena zoona ndi nyumba imene munthuyo anapenta zaka ziwiri zapitazo, osati ya mwezi watha. Pitani mukaone m'makona, m'munsi mwa mawindo, ndi mzere umene khoma limakumanira ndi siling'i. Mufunseninso kuti pulasitala watsopano amadikira nthawi yaitali bwanji. Akayankha kuti mawa lomwe tiyambe, ameneyo akufuna ndalama chabe, chifukwa simenti imafuna masabata anayi kuti iume bwino.

Nyengo yabwino yopentera panja ndi kuyambira Meyi mpaka Seputembala, kupatula masiku a chiperoni kwa a ku Blantyre ndi madera ozungulira. Ndipo khoma likamafufuma chakumunsi chaka ndi chaka, musasinthe mtundu wa penti kapena mmisiri. Yang'anani madzi ochokera padenga amene akugwera m'mbali mwa maziko, muwakumbire ngalande kapena muike khonde la simenti, khomalo liume chilimwe chonse, kenako muitane wopenta.