Kuphunzitsa ana kuganiza: phunziro lapadera kapena m'maphunziro onse?

Mphunzitsi wamkulu amene akufuna kuti ophunzira ake aziganiza mozama, osangoloweza manotsi, ali ndi njira ziwiri zoti asankhepo.

Yoyamba ndi kupatula nthawi yakeyake sabata iliyonse. Chitsanzo chodziwika ndi Philosophy for Children, njira imene Matthew Lipman anayambitsa ku America cha m'ma 1970: ana amawerenga nkhani, amadzipezera okha mafunso, kenako amakambirana, aliyense n'kumapereka chifukwa cha zimene wanena. Njirayi ndi yosavuta kuyilondoloza, popeza imaoneka pa ndandanda ya maphunziro ndipo aphunzitsi awiri kapena atatu ndi okwanira kuyiyendetsa. Komabe tonse tikudziwa kuti phunziro limene silibwera pa mayeso a MANEB ndilo limayamba kulandidwa nthawi mayeso akayandikira. Choipa kwambiri n'chakuti luso limene mwana waphunzira Lachitatu masana silimutsatira lokha akalowa m'phunziro la masamu mawa lake.

Yachiwiri ndi kulowetsa kuganizako m'phunziro lililonse. Mphunzitsi wa Geography asangolembetsa ana kuti kudula mitengo paphiri la Zomba kumakokolola nthaka, koma awafunse umboni wake, awafunsenso kuti dothilo likalowa mumtsinje wa Likangala limakathera kuti, ndiponso ngati kuphwa kwa nyanja ya Chilwa mu 1995 kunadza ndi kuchepa kwa mvula kokha kapena panali zifukwa zinanso. Wa Chichewa naye atha kufunsa ngati mwambi wakutiwakuti ndi woona nthawi zonse. Apa mwana amaganiza pogwiritsa ntchito zimene akuphunzira kale, silabasi n'kumayendabe, ndipo zimathekabe ngakhale m'kalasi yodzaza, bola ana akambirane awiriawiri asanayankhe.

Vuto lake ndi la ntchito ya anthu ambiri, imene imasowa mwini. Mphunzitsi amene anazolowera kulemba pabolodi mpaka belu kulira sasintha chifukwa chongouzidwa pamsonkhano.

Ine ndikuona kuti sukulu zathu kuno ku Zomba zipindula kwambiri ndi njira yachiwiriyi, koma pokhapokha akulu a madipatimenti atagwirizana mafunso ochepa oti azimveka m'kalasi iliyonse, monga akuti "wadziwa bwanji?" ndi "wina angatsutse bwanji?", ndipo aphunzitsi azionerera anzawo akuphunzitsa teremu iliyonse. Phunziro lapadera ligwire ntchito mu Fomu 1, pamene mayeso akadali kutali, kuti ana azolowere kutsutsana mwaulemu ndipo aphunzitsi aphunzire kudikira yankho.