Casio fx-82MS pa masamu a probability otenga osabwezera

Ndinagula kalikyuleta imeneyi kuti ndizithandiza mng'ono wanga masamu a probability (owerengera mwayi woti chinthu chichitike), makamaka mafunso aja oti watenga mpira mchikwama koma sunaubwezere, kenako ukutenganso wina. Ndaigwiritsa ntchito kwa kanthawi ndithu ndiye ndati ndilembeko zomwe ndaona, mwina pali ena akudutsa pomwe tadutsa ifepa.

Chomwe chinandikoka ine ndi mabatani awiri basi, la a b/c ndi la nCr. La a b/c limakulola kulemba fraction mmene ilili osathamangira ma decimal, ndipo pa mutu umenewu zimenezi nzofunika heve chifukwa ukangoona 0.357 sudziwa kuti yachokera pati, pomwe ukaona 5 pamwamba 14 pansi mutu umagwira.

Funso loyamba lomwe tinayesera linali la chikwama chokhala ndi mipira 8, yofiira 5 yabuluu 3, mwayi woti utenge yofiira kawiri motsatizana ndi wotani. Mng'ono wangayu analemba 5/8 × 5/8 makina nkumupatsa 25/64, iye nkusangalala kuti yatheka. Koma yankho limenelo ndi la munthu amene wabwezera mpira uja mchikwama. Ukapanda kubwezera, mpira wofiira umodzi uli mmanja mwako kale, ndiye mchikwamamo mwatsala yofiira 4 ndipo yonse pamodzi ndi 7, choncho kachiwiriko ndi 4/7 osati 5/8 ayi. Ukalemba 5/8 × 4/7 imakupatsa 5/14 itaichepetsa yokha kuchoka pa 20/56. Apa ndinamuuza kuti makinawa sadziwa zoti mpira sunabwerere, amawerengera zomwe wawapatsa, kuchotsera nambala ya pamwamba ndi ya pansi yomwe ndi ntchito ya iweyo.

Batani la nCr ndiye ndalikonda zedi, chifukwa limakupatsa njira yachiwiri yotsimikizira yankho popanda kudikira aphunzitsi. Ukadina 5 nCr 2 imabwera 10, ndiye kuti pali njira 10 zosankhira yofiira iwiri, 8 nCr 2 imabwera 28, njira zonse zosankhira mipira iwiri iliyonse, 10 kugawa ndi 28 ndi 5/14 yomwe ija. Tsiku limene mayankho awiriwa anafanana mwanayu anakhala chete kaye kenako nkunena kuti tiyesenso lina, ineyo mtima unakhala pansi pamenepo.

Pomwe linatithandiza kwambiri ndi pa funso la mpira umodzi wofiira wina wabuluu. Ambiri amalemba 5/8 × 3/7 nkusiyira pomwepo, kuiwala kuti ukhoza kuyambira wabuluu kenako wofiira, yomwe ndi 3/8 × 5/7, ndiye uphatikize ziwirizo upeze 30/56 kapena kuti 15/28. Iye anali atapeza 15/56, titayesa 5 nCr 1 × 3 nCr 1 kugawa ndi 8 nCr 2 yankho silinagwirizane ndi lake, ndipo anazitulukira yekha kuti wasiya nthambi imodzi ya tree diagram, chojambula chokhala ngati mtengo chosonyeza njira zonse zomwe zingachitike. Nkuona ine ndimakakamira kuti ajambule kaye mtengo uja papepala asanagwire makina.

Tinayesanso makhadi 52 osewerera aja, ma Ace awiri motsatizana, 4/52 × 3/51 ndipo inatipatsa 1/221 bwinobwino.

Chofunika kudziwa musanagule nchoti fraction siioneka ngati ya mbuku, nambala ya pamwamba ndi ya pansi zimakhala mzere umodzi ndi kachizindikiro kakang'ono pakati, ndiye masiku oyamba maso amafuna azolowere. Komanso fraction ikatalika kupyola manambala 10 imangosanduka decimal yokha, mafunso otenga kanayi kasanu pa makhadi ukhoza kukumana nazo zimenezi. Amene akufuna fraction yooneka ngati yolemba pamanja ayang'ane fx-82ES. Ife takhala pa MS yomweyi, mizere iwiri ya pa sikirini imatikwanira poti funso limakhala pamwamba yankho pansi, ndiye akalakwitsa ndimangoloza 8 yemwe amayenera kukhala 7 uja iye nkukonza.