Mipando ya kwathu ndinaipeza ku Maboneng

Abale anga a ku Mangochi, ambiri mumandifunsa pa WhatsApp kuti kodi ukalipentala ukundidyetsa bwanji kuno ku Joni. Lekani ndikuuzeni za Maboneng.

Derali lili chakum'mawa kwa tauni ya Johannesburg, moyandikana ndi Jeppestown. Kale munali mafakitale ndi nyumba zosungiramo katundu, kenako eni ake anazithawa. Mu 2009 m'nyumba zakalezo anatsegulamo malo a zaluso otchedwa Arts on Main, ndipo katswiri wa zojambula William Kentridge anaikamo situdiyo yake. Dzina loti Maboneng ndi la Chisutu, litanthauza malo owala.

Chomwe chinandizunguza mutu n'choti nyumbazo sagwetsa ayi, ntchito yonse ili m'kati. Bwana wina anandipatsa ganyu yokonza malo omwera khofi mumsewu wa Fox. Nditafunsa za pulasitala, anapukusa mutu: njerwa zikhale poyera, tingozikwecha ndi bulashi yawaya. Matabwa a mapaleti otayidwa ndinawapala, kuwapaka vanishi, n'kukhoma kauntala. Mababu ankangolendewera pa nthambo. Chamumtima ndinati nyumbayi sinathe. Mwezi usanathe, anthu anali ataima pamzere kudikira pokhala.

Nanga mipandoyo! Yoluka ija ya kwathu, kuno amangoti Malawi chair. Nditaiona pakona, pansi pa nyale yovindikiridwa ndi dengu, misozi inalengeza m'maso. Ndinakumbukira amalume akuluka pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay, tsiku lonse kudikira galimoto iime, wogulayo n'kumanenerera ngati akugula tomato.

Zowawa ziliponso. Malo akakongola, lendi imakwera. Chipinda chomwe tinkagonamo anthu anayi mwini wake anachikonza, mashelefu ndinakhoma ndine ndemwe, atatero anatiuza kuti tisamuke. Zimandipwetekabe mpaka lero.

Ndikabwera mu Disembala ndikufuna tidzayende limodzi m'tauni ya Mangochi kuyambira pa wotchi ya Queen Victoria, kudutsa ku myuziyamu mpaka m'mbali mwa Shire, tione nyumba zija za nthawi yomwe tauniyi inkatchedwa Fort Johnston. Ulendo watha ndinaonako sitolo ina yotsekedwa, khonde lake lalikulu bwino, ndipo ndikufuna kukaonana ndi mwini wake. Achimwene, mukawauze amalume kuti asagulitse mipando yonse, andisungireko inayi.