Foni yanga italowa madzi anandipatsa ina: mmene yakhalira patapita miyezi

Foni imene ndikugwiritsa ntchito panopa si imene ndinagula. Yoyambayo inagwera m'beseni la madzi a sopo, ndipo ili m'manja mwangayi ndi yokonzedwanso imene a inshuwalansi anandipatsa m'malo mwake. Papita miyezi yambiri tsopano, moti ndingathe kulankhula zimene ndaona ndi maso. Foni yokonzedwansoyi yandigwirira ntchito bwino ndipo sindinong'oneza bondo kuti ndinaivomera. Komabe pali zinthu zimene ndikufuna munthu aliyense amene foni yake yanyowa adziwe asanakaime pakauntala, chifukwa zambiri zimene zimapulumutsa munthu zimachitika foni yakaleyo ikadali moyo.

Chimene chimapusitsa n'chakuti foni yolowa madzi kawirikawiri siifa tsiku lomwelo. Yanga ndinaivuula msanga, n'kuizimitsa, n'kutulutsa kathireyi ka simu, n'kuipukuta ndi nsalu youma, kenako n'kuiimika pamalo opita mphepo pobayira tchaja pataloza pansi. Nditaiyatsa inayaka bwinobwino, ngati palibe chachitika. Aliyense amene ndinamuonetsa ankati yapulumuka. Patapita kanthawi sipika yakukhutu inayamba kusasa mawu. Kenako m'kagalasi ka kamera yakumbuyo munayamba kuoneka nkhungu m'mawa, n'kumatha dzuwa likakwera. Zitatero inayamba kukana tchaja, mpaka uchite kugwedeza waya, n'kumatentha m'thumba palibe chimene ikuchita. Pomaliza sikirini inkangodzidina yokha, kutsegula zinthu zimene sindinakhudze, mpaka tsiku lina inangothima osadzukanso.

Wokonza mafoni wa kumalo amene a inshuwalansi ananditumiza ataitsegula anandionetsa bodi yake, kathabwa kamkati kamene kamanyamula tizipangizo tamagetsi, pansi pa galasi lokulitsa zinthu. Pafupi ndi pobayira tchaja panali timiyendo ting'onoting'ono tachitsulo titakutidwa ndi zoyererako zonga ufa, pena zobiriwira, ndipo timiyendo tiwiri tinali titadyeka mpaka kuduka. Kumtunda kwa bodiyo kunali kowala ngati kwatsopano. Zimene zimachitika ndi izi: madzi okhala ndi sopo kapena mchere amadutsitsa magetsi mosavuta, ndipo batire ya mafoni amakono imakhala yolumikizidwa ku bodi ngakhale foni itazimitsidwa. Ndiye magetsi ochepa amapitirizabe kuyenda m'chinyezicho, n'kumadya chitsulo pang'onopang'ono. Madzi akalowa pansi pa tizivundikiro tachitsulo timene timaphimba bodi sauma msanga, ndipo ngakhale atauma amasiya zotsalira zimene zimakokanso chinyezi cha mumpweya. Dzimbiri limeneli silisiya kudya chifukwa choti kunja kwa foni kwauma.

N'chifukwa chake chinthu chimene ndimathokoza kwambiri pankhani yonseyi si inshuwalansi ayi, koma nthawi imene foni ija inkaoneka ngati yachira. Nthawi imeneyo ili ngati ya munthu amene khoma la nyumba yake lang'aluka: denga likadalipo, koma ndiyo nthawi yotulutsa katundu. Foni itangoyaka ndinakopera zithunzi ndi mavidiyo onse pakompyuta, ndinauza WhatsApp kuti isunge mauthenga ku Google Drive nthawi yomweyo osadikira usiku, ndinaonetsetsa kuti manambala a anthu ali mu akaunti osati mufoni mokha, ndiponso ndinasamutsa pulogalamu ija yotulutsa manambala achinsinsi olowera m'maakaunti. Chomalizachi anthu ambiri sachiganizira. Zithunzi zikatayika mtima umawawa, koma ukatsekeredwa kunja kwa imelo yako chifukwa nambala yotsimikizira ikupita ku foni yakufa, ntchito zonse zimaima. Inu amene foni yanu yanyowa kenako n'kuyakanso, musadikire kuti muone ngati ilimbe. Samutsani zanu tsiku lomwelo.

Za mpunga ndingodutsapo. Anthu angapo anandiuza kuti ndiikwirire mumpunga wosaphika. Mpunga sungakoke madzi amene ali pansi pa bodi, komanso suchotsa sopo kapena mchere wotsalira. Kampani ya Apple inalemba m'malangizo ake kuti anthu asaike iPhone m'thumba la mpunga chifukwa tizidutswa take tingathe kuiwononga. Malangizo omwewo amaletsa kuiumitsa ndi chinthu chotentha, kuipemerera ndi mpweya wamphamvu, kapena kupisa thonje pobayira tchaja. Chimene chimathandizadi ndi kuitsegula msanga, kuchotsa batire pa bodi, n'kutsuka bodiyo ndi sipiriti wa isopropyl kapena m'makina otsukira a ultrasonic. Koma ngati muli ndi inshuwalansi, afunseni kaye musanapereke foniyo kwa wokonza aliyense, poti ambiri amakana foni imene yatsegulidwa kwina.

Funso limene anzanga ankandifunsa kwambiri linali lakuti, "Kodi si ija ankati siilowa madzi?" Inde, pabokosi pake panalembedwa IP68. Zilembozi zimachokera pa muyezo wa IEC 60529. Nambala 6 ikutanthauza kuti fumbi sililowa. Nambala yachiwiri ndiyo yamadzi: 7 ndi kumizidwa mpaka mita imodzi kwa mphindi 30, pomwe 8 ndi kupitirira pamenepo, kuya kwake akunena ndi wopanga. Mafoni ambiri a Samsung okhala ndi IP68 amati mamita 1.5 kwa mphindi 30, pomwe iPhone 12 ndi ena otsatira amati mamita 6 kwa mphindi 30. Koma kuyesaku amachita ndi foni yatsopano, m'madzi oyera, odekha. Chimene chimatchinga madzi ndi guluu wozungulira sikirini ndi chivundikiro chakumbuyo, timphira ta pa kathireyi ka simu ndi m'mabatani, ndi tiukonde ta pasipika. Zonsezi zimakalamba. Foni ikagwa kangapo, ikamatentha padzuwa, ikapindika pang'ono m'thumba lakumbuyo, guluu uja amayamba kulekana osaonekera kunja. Sopo amawonjezera vuto, chifukwa amapangitsa madzi kulowerera mosavuta m'timipata timene madzi wamba akanalephera.

Si ine ndekha amene ndimaona kuti otsatsa malonda amanenetsa pankhaniyi. Mu 2020 bungwe loona za mpikisano pamalonda ku Italy linalipiritsa Apple ndalama zokwana mayuro 10 miliyoni chifukwa cha mmene inkalengezera kuti ma iPhone amapirira madzi, pomwe waranti yake, lonjezo la wopanga lokonza foni ikavuta, sinkalandira foni yowonongeka ndi madzi. Mu 2022 khoti la ku Australia linalamula Samsung kulipira madola a dzikolo 14 miliyoni chifukwa cha malonda oonetsa ngati mafoni ena a Galaxy angagwiritsidwe ntchito m'dziwe losambiramo kapena m'nyanja yamchere, pomwe pobayira tchaja pakanatha kudyeka ndi dzimbiri munthu akatchaja pakadali ponyowa. Ndimatchula zimenezi chifukwa munthu wamba akaona foni ikujambula pansi pa madzi pakanema amakhulupirira, ndipo si kupusa kwake.

Waranti ya wopanga ndi inshuwalansi ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amakhumudwa. Waranti imaona zolakwika za kufakitale. Madzi sawerengedwa, ngakhale foni ikhale ya IP68. Ndipo kubisa sikuthandiza, chifukwa m'mafoni ambiri muli kapepala kakang'ono kodziwitsa ngati madzi analowa. Kamakhala koyera kapena kotuwa, madzi akakakhudza kamafiira, ndipo sikabwereranso. Mukatulutsa kathireyi ka simu n'kuunika ndi tochi m'kabowomo, m'mafoni ambiri mungathe kukaona nokha. Munthu wa pakauntala anayamba ndi kumeneko asanandifunse chilichonse. Kanga kanali kofiira piriwiri. Pafomu ndinalemba zimene zinachitikadi, ndipo popeza inshuwalansi yanga inkalandira ngozi za madzi, nkhani inayenda.

Anafuna lisiti yogulira, nambala ya IMEI, ndi kandalama kena kamene mwini foni amathirapo pa dandaulo lililonse. IMEI ndi nambala ya madijiti 15 imene imatuluka mukayimba *#06#, koma foni yakufa singayimbe, choncho ndinaitenga pabokosi. Anandiuzanso kuti ndichotse foniyo pa akaunti yanga ya Google ndisanaipereke, chifukwa foni ya Android imene ili yomangika ku akaunti imakana munthu wina ngakhale itafufutidwa. Kwa a iPhone ndi chimodzimodzi ndi Find My, pulogalamu ya Apple yofufuzira foni yotayika. Zimenezi zimatheka kudzera pakompyuta ngakhale foni itafa. Chimene sindinasangalale nacho ndi kudikira. Palibe amene ankandiuza pamene nkhani yafika pokhapokha nditafunsa ndekha, ndipo sanandibwereke foni yogwirizira. Munthu amene ntchito yake imadalira foni akhale ndi kafoni kakale m'dirowa.

Tsopano za foni imene ndinalandira. Inabwera m'bokosi loyera lopanda chithunzi, popanda tchaja, mtundu wa foni womwewo ndi malo osungira ofanana, koma utoto wina. Anandiuziratu kuti ndi yokonzedwanso, zimenenso zinalembedwa m'pangano, pakuti inshuwalansi zambiri zimalonjeza foni yofanana ndi yako, osati yatsopano. Ndisanachoke ndinaunika kapepala kaja n'kuona kuti n'koyera, ndinayerekeza IMEI yapafoni ndi yapachikalata, ndinayimba foni kuti ndimve sipika ndi maikolofoni, ndinajambula khoma loyera ndi makamera onse kufuna kuona madontho, ndinayesa kutsegula foni ndi chidindo cha chala, ndiponso ndinayendetsa chikhadabo m'mphepete mwa sikirini kuona ngati pali pamene patukuka. Mphindi zochepa zimenezi n'zofunika, chifukwa foni zolowa m'malo nthawi zambiri zimabwera ndi waranti yaifupi, ena amapereka masiku 90 okha.

Patapita miyezi yonseyi, sikirini ili bwino, yowala mofanana paliponse, ndipo siinadzidinepo yokha. Makamera akujambula monga yakale inkachitira isananyowe. Netiweki ikugwira bwino, mauthenga okonzanso pulogalamu akubwera monga mwa nthawi zonse, pobayira tchaja n'polimba. Pa zinthu zimenezi sindingathe kusiyanitsa ndi foni yatsopano, ndipo amene amaopa mawu oti "yokonzedwanso" ndingawauze kuti ikachokera kumalo ovomerezeka si yoopsa.

Batire ndiye nkhani ina. Kuyambira pachiyambi sinkafika madzulo mmene yakale inkachitira ili yatsopano, ndipo m'miyezi yapitayi yatsikirako ndithu. Ndikakhala paintaneti kwambiri masana ndimayenera kuitchajanso dzuwa lisanalowe. Mabatire a lithiamu amatha mphamvu malinga ndi kuchuluka kwa maulendo amene atchajidwa, ndipo okonzanso mafoni ambiri sasintha batire imene ikadali ndi mphamvu yopitirira 80 peresenti. Choncho ukhoza kulandira foni yooneka yatsopano kunja koma batire yake itayenda kale ulendo. Funsani ngati anaikamo batire yatsopano, ndipo yankholo alilembe pachikalata. Ili ndilo dandaulo langa lalikulu pa foniyi.

Chachiwiri ndi madzi omwewo. Foni yokonzedwanso inatsegulidwapo, ndipo kupirira kwake madzi kumadalira guluu amene anaikanso ndi luso la amene anamata. Nditafunsa ngati ikadali IP68, anandiyankha kuti anamata ndi guluu watsopano koma sangalonjeze. Yankho limenelo ndinalilemekeza chifukwa linali loona. Ndiye ndimaitenga ngati foni imene madzi angalowe. Kubafa siilowa, poti nthunzi yotentha imafewetsa guluu. Mvula inandipezapo panjira foni ili m'thumba la malaya, ndipo nditafika n'kubaya tchaja inatulutsa chizindikiro cha kadontho n'kukana kutchaja. Chenjezo limeneli si vuto, ndi chitetezo. Ndinazula waya, n'kuigogoda pang'ono pachikhatho bowolo litaloza pansi, n'kuisiya pamphepo. Apple imati munthu adikire mphindi zosachepera 30, ndipo kuti kuuma kwenikweni kungatenge mpaka maola 24. Yanga inavomera tchaja usiku womwewo, ndipo kuchokera pamenepo sinasonyeze vuto lililonse.

Kusamukira mufoni yatsopanoyi kunali kosavuta pa zinthu zimene ndinasunga. Mauthenga a WhatsApp anabwerera kupatula a masiku omalizira pamene foni yakale inkakana tchaja n'kumangozima. Mapulogalamu a banki anafuna kuti nditsimikizirenso kuti ndine mwini wake, zimene zinatenga nthawi koma ndi mmene ziyenera kukhalira. Simu yokha inatuluka m'madzi muja ili bwinobwino, ndipo ndi yomweyi ndikugwiritsa ntchito.

Kodi inshuwalansi ndiipitiriza? Pa foni yodula imene ikadali yatsopanoko, inde, bola pangano lake litchule madzi momveka bwino, chifukwa zina zimalandira kusweka kwa sikirini kokha. Foni ikakalamba n'kutsika mtengo, ndalama yolipira mwezi ndi mwezi pamodzi ndi yothirapo ija zimayamba kuyandikira mtengo wa foni yeniyeniyo, ndipo pamenepo ndidzasiya. Pakadali pano ndikukonza zokasinthitsa batire kumalo ovomerezeka, ndipo ndikawapempha kuti pomatanso chivundikiro aike guluu watsopano wa foni yamtundu womwewu.